Mafunso a Owerenga: Zowerenga Munthu Asanayambe Kuphunzira Kuulutsa Ndege

Makalata amene tasankha mwezi uno akuchokera kwa anthu amene akufuna kudzakhala oyendetsa ndege, kapena amene ali ndi mwana wofuna ntchitoyi, koma sanafike pa sukulu yophunzitsa zimenezi ndipo akufuna kudziwa zimene angayambe kuchita ali kunyumba. Ena mwa makalatawa tawafupikitsa.

FUNSO: A Mkonzi, ndinalemba mayeso a MSCE chaka chatha ndipo ndinakhoza bwino masamu ndi fizikisi. Kwathu ndi kufupi ndi Lumbadzi, moti ndakula ndikuona ndege zikutera ndi kunyamuka pa bwalo la Kamuzu. Ndalama zopitira ku sukulu ya ndege sizinapezeke, koma sindikufuna kungokhala. Kodi pali mabuku amene ndingayambe kuwerenga pandekha, ndipo ndiyambire pati? Mnyamata wa ku Dowa.

YANKHO: Mwachita bwino kufunsa panopa ndalama zisanapezeke, chifukwa pa maphunziro onse a woyendetsa ndege, gawo limene munthu angalichite popanda kulipira zambiri ndi lowerenga, ndipo gawoli ndi lalikulu kuposa mmene anthu ambiri amaganizira. Sukulu za ndege zimalipiritsa pa ola, ndipo mphunzitsi naye amakhala ndi mtengo wake. Wophunzira amene wafika asakudziwa ntchito ya chipangizo chilichonse chimene chili patsogolo pake amathera maola odulawo akufotokozeredwa zinthu zimene akanaziwerengera kunyumba, pamene mnzake amene anawerenga amagwiritsa ntchito nthawi yomweyo kuzoloweza manja, mapazi ndi maso.

Buku labwino loyambira ndi Pilot's Handbook of Aeronautical Knowledge, limene limafalitsidwa ndi FAA, bungwe la boma la United States loyang'anira za ndege. Ndi laulere pa tsamba la intaneti la bungweli, lili ndi masamba pafupifupi 500 ndi zithunzi zambiri zofotokoza bwino, ndipo mungathe kulitsitsa mutu umodziumodzi ngati bandulo yanu ndi yaing'ono. Mitu yoyambirira imafotokoza ziwalo za ndege ndi mphamvu zinayi zimene zimalimbana ndegeyo ikakhala mumlengalenga: mphamvu yonyamula imene mapiko amapanga mpweya ukamawadutsa, kulemera kumene kumakokera ndege pansi, mphamvu ya injini yoikokera kutsogolo, ndi kukana kwa mpweya kumene kumaibweza. Pamenepa musathamange. Khalanipo kufikira mutamvetsa angle of attack, kumene ndi kupendekeka kwa phiko poyerekeza ndi mpweya umene likukumana nawo. Kupendekekaku kukamakula mphamvu yonyamula imakulanso, koma kukapitirira madigiri 15 kapena 16 pa mapiko a ndege zambiri zing'onozing'ono, mpweya umasiya kutsatira msana wa phiko ndipo mphamvuyo imatsika kwambiri mwadzidzidzi. Imeneyi ndiye stall. Ambiri amaganiza kuti ndi kuzima kwa injini, koma ingachitike injini ikulira bwinobwino ndiponso pa liwiro lililonse, ndipo kuti ndege ichire pamafunika kutsitsa mphuno yake, chinthu chimene munthu wogwidwa mantha amakana kuchita akamaona nthaka ikuyandikira. Wolfgang Langewiesche analemba buku la Stick and Rudder mu 1944 makamaka kuti wophunzira amvetse mfundo imeneyi, ndipo mpaka lero likusindikizidwabe. Limeneli ndi logula, koma mukalipeza musalisiye.

Buku lachiwiri ndi Airplane Flying Handbook, la bungwe lomwelo ndiponso laulere. Limafotokoza zimene mudzachite ndi manja anu: kuyendera ndege musanakwere, kuiyendetsa pansi, kunyamuka, kukhota, kuzungulira bwalo ndi kutera. Palibe amene anaphunzira kutera mwa kuwerenga kokha, koma mphunzitsi akamadzalankhula injini ikusokosa, mawu ake adzakhala achiwiri kuwamva, osati oyamba.

Chachitatu ndi kabuku ka ndege yeniyeni imene mudzaphunzirirepo, kotchedwa POH. Sukulu zambiri zimaphunzitsira pa Cessna 152, Cessna 172 kapena Piper PA-28. M'kabukuka muli liwiro loyenera ponyamuka ndi potera, malire a katundu ndi mafuta, ndondomeko yoyatsira injini, ndi zoyenera kuchita injini ikazima kapena moto ukabuka. Kawerengeni kuti mudziwe kakonzedwe kake ndi pamene chinthu chilichonse chimapezeka, koma manambala musawaloweze panopa, chifukwa Cessna 172 yakhala ikupangidwa kuyambira 1956 ndipo manambala a mtundu wina sagwirizana ndi a mtundu unzake. Ngati mumamva bwino pomvetsera kusiyana ndi powerenga, yunivesite ya MIT inaika pa YouTube maphunziro aulere otchedwa Private Pilot Ground School, amene amadutsa mitu yomweyi.

Khalani ndi kope, ndipo mukamaliza mutu muzitseka buku n'kujambula kuchokera m'mutu zimene mwawerenga, kaya ndi phiko ndi mpweya wake, kaya ndi njira imene mafuta amadutsa kuchoka m'thanki kukafika mu injini. Pamene cholembera chaima ndi pamene simunamvetse. Mabuku akuluakulu a ATPL, chiphaso chapamwamba kwambiri cha oyendetsa ndege, asiyeni kaye, angokufooketsani. Ndipo popeza mumakhala kufupi ndi bwalo, muli ndi mwayi umene anzanu alibe. Msewu wa ndege wa pa Kamuzu uli ndi manambala 14 mbali ina ndi 32 mbali inayo, kutanthauza kuti umaloza ku madigiri pafupifupi 140 ndi 320 a kampasi. Ndege zimanyamuka ndi kutera moyang'anizana ndi mphepo, choncho muziona kumene mphepo ikuchokera tsiku limenelo n'kulosera mbali imene ndege itere isanafike.

FUNSO: Ndine mtsikana wa ku Malawi amene ndikugwira ntchito ku Johannesburg, ndipo ndikusunga ndalama zoti ndidzaphunzire kuulutsa ndege konkuno. Ndinatsitsa mabuku a ku America, koma mnzanga wina wandiuza kuti ndikutaya nthawi chifukwa mayeso a kuno ndi osiyana. Kodi ndiwasiye? Wowerenga wa ku Johannesburg.

YANKHO: Musawasiye, mayi, koma mnzanuyo sananame pa zonse. Zimene zili m'mabuku a ndege zili m'magulu awiri. Pali zimene sizisintha kulikonse kumene ndege ikuuluka, monga kagwiridwe ntchito ka phiko, injini, zipangizo zoyezera liwiro ndi kutalika, kawerengedwe ka kulemera kwa ndege, ndi mmene thupi la munthu limachitira mpweya ukachepa. Pa zimenezi mabuku a FAA ndi abwino kwambiri. Palinso zimene zimatengera dziko limene muli ndi mbali ya dziko lapansi imene mukuulukira, ndipo pa zimenezi mabuku omwewo angakusokeretseni ngati simunachenjere.

Choyamba ndi chakuti United States ili kumpoto kwa ikweta pamene ife tili kum'mwera. Kumpotoko mphepo imazungulira dera la low pressure, kumene mpweya umapanikiza mochepa kusiyana ndi malo ozungulira, motsutsana ndi mmene mivi ya wotchi imayendera, koma kum'mwera kuno imazungulira motsatira mivi ya wotchi, monga mmene aliyense amene anaona zithunzi za namondwe wa Freddy mu March 2023 angakumbukire. Buku la ku America lidzakuuzani kuti mukafulatira mphepo, low pressure ili kumanzere kwanu. Kwa ife ili kumanja. Mpweya wozizira iwo umawadzera kuchokera kumpoto, ife kuchokera kum'mwera. Kampasi ya maginito nayo imanama ndege ikamakhota, ikamawonjezera liwiro kapena ikamalichepetsa, ndipo kunamako kumatembenuka mukawoloka ikweta, moti malamulo oloweza amene ophunzira a ku America amaphunzitsidwa amakhala otembenuka kwa wophunzira wa ku Lanseria kapena ku Wonderboom. Mafunso a mayeso amakonda malo ngati amenewa.

Chachiwiri ndi miyeso. Amereka amatchera altimeter, chipangizo chosonyeza kutalika kumene ndege ili, ndi mainchi, ndipo nambala yawo yapakati ndi 29.92, pamene South Africa, Malawi, Zambia ndi mayiko ena ambiri amagwiritsa ntchito ma hectopascal, ndipo nambala yofanana nayo ndi 1013. Mtunda umene maso akutha kuona iwo amaunena m'mamailosi, ife m'mamita. POH ya ndege yopangidwa ku America imatchula mafuta m'magaloni ndi kulemera m'mapaundi, koma wothira mafuta pa bwalo adzakuuzani malita, ndipo anthu okwera amadziwa kulemera kwawo m'makilogalamu. Kusintha miyeso kumeneku muzikuchita mobwerezabwereza mpaka kuleke kukuvutani. Pa 23 July 1983 ndege ya Boeing 767 ya Air Canada inatha mafuta ili mumlengalenga chifukwa chosokoneza mapaundi ndi makilogalamu powerengera mafuta, ndipo anthu onse anapulumuka chifukwa oyendetsa anakwanitsa kuiteretsa injini zonse zili zozima pa bwalo lakale la asilikali la Gimli.

Chachitatu ndi malamulo. Bungwe la ICAO, limene likulu lake lili ku Montreal ndipo linachokera pa pangano la ku Chicago la 1944, limaika malire ochepetsetsa amene mayiko onse amatsatira. Chiphaso cha PPL, choulutsira ndege popanda kulipidwa, chimafuna zaka zakubadwa 17 ndi maola 40 a mumlengalenga. Cha CPL, chogwirira ntchito, chimafuna zaka 18 ndi maola 200, kapena 150 ngati munthu watsatira ndondomeko yovomerezeka ya sukulu. Ndipo cha ATPL chimafuna zaka 21 ndi maola 1,500. Dziko lililonse limamanga malamulo ake pamwamba pa amenewa. Ku South Africa PPL imafuna maola 45 ndipo mayeso olemba amakhozeka ndi malikisi 75 pa 100, pamene ku United States amakhozeka ndi 70. Kagawidwe ka mlengalenga, malamulo a nyengo yoyenera kuulukamo ndi njira zolowera pa bwalo lopanda nsanja yowongolera ndege zimasiyananso. Choncho mitu ya malamulo ya m'mabuku a FAA ingoidumphani, ndipo m'malo mwake tengani silabasi ya SACAA, bungwe loyang'anira za ndege la kumeneko, n'kufunsa sukulu imene mwaisankha mabuku amene imagwiritsa ntchito pa malamulo, zanyengo ndi kapezedwe ka njira. Ngati mukulingalira zodzagwira ntchito kumudzi, lemberani bungwe la Malawi Civil Aviation Authority musanalipire kalikonse, kuti akuuzeni zimene zimafunika kuti chiphaso chotengedwa kunja chivomerezedwe kwathu.

FUNSO: Mwana wanga wamkazi, amene ali Fomu 4, wakakamira zodzakhala woyendetsa ndege ndipo ine ndi mayi ake taganiza zogulitsa puloti kuti timulipirire. Koma amavala magalasi, ndipo masamu amakhoza mwapakatikati. Achibale akuti ntchitoyi si ya atsikana ndipo tingotaya chuma. Tithandizeni maganizo. Bambo wa ku Mzuzu.

YANKHO: Bambo, za achibalewo yankho lake ndi lalifupi: mu 2016 Yolanda Kaunda anakhala mayi woyamba wa ku Malawi kufika pa udindo wa kaputeni wa ndege, ndipo mwana wanu sadzakhala woyamba kudutsa njirayi. Koma pulotiyo musaigulitse musanachite chinthu chimodzi, chimene chimayenera kubwera patsogolo pa mabuku ndi patsogolo pa sukulu, ndicho kumupimitsa kwa dokotala wovomerezedwa ndi bungwe loyang'anira za ndege. Kalata ya dokotala wina aliyense, ngakhale wodziwa ntchito, siigwira pamenepa. Wofuna PPL amafunika chiphaso cha umoyo cha Class 2, koma wofuna kudzalembedwa ntchito amafunika Class 1, chimene chimakhwima kwambiri. Popeza cholinga cha mwana wanu ndi ntchito, apimidwe cha Class 1 kuyambira pachiyambi, chifukwa n'zopweteka kuti banja lithere chuma chake pa maola makumimakumi kenako n'kuuzidwa kuti mwanayo sangapitirire.

Magalasi paokha si choletsa. Oyendetsa ndege ambiri amavala magalasi, ndipo chimene dokotala amafuna ndi chakuti munthu aziona bwino atawavala ndiponso kuti maso asakhale ndi matenda ena. Chimene chimadzidzimutsa anthu ambiri ndi kusiyanitsa mitundu, makamaka wofiira ndi wobiriwira, chifukwa munthu angakule osadziwa kuti ali ndi vutoli, ngakhale kuti limapezeka kwambiri mwa amuna kusiyana ndi akazi. Dokotala amapimanso makutu, mtima, kuthamanga kwa magazi ndi shuga, ndipo amafunsa za khunyu ndi kukomoka. Mwana wanu ayankhe zoona pa zonse.

Masamu a woyendetsa ndege si ozama kuposa a ku sekondale, koma amafunika kuchitidwa mwachangu ndi mosalakwitsa, nthawi zina m'mutu, dzanja lina lili pa chiwongolero. Nachi chitsanzo choti mumupatse. Kuchoka pa bwalo la Kamuzu kukafika ku Chileka molunjika ndi mamailosi a panyanja pafupifupi 133, ndipo mailosi imodzi ya panyanja ndi mamita 1,852. Ndege yaing'ono youluka pa liwiro la ma knot 100, ndiko kuti mamailosi a panyanja 100 pa ola, idzatenga mphindi 80 kukakhala bata. Tsono mwera ukamawomba kuchokera kutsogolo pa ma knot 20, liwiro la ndegeyo poyerekeza ndi nthaka limatsika kufika pa 80, ndipo ulendo womwewo umatenga mphindi 100. Ngati injini imamwa malita 30 pa ola, mphindi 20 zowonjezerazo ndi malita ena 10 amene ayenera kukhala m'thanki, kupatula mafuta apadera amene lamulo limafuna kuti atsale potera. Mwana amene angathe kuwerengera zimenezi, n'kumvetsa chifukwa chake ulendo wobwerera udzafupika, ali ndi maziko okwanira. Alimbikire tizigawo, maperesenti, ma angle ndi ma vector, ndipo ngati mungathe mugulireni kachipangizo kowerengera kozungulira kotchedwa E6B kapena CRP-1, kamene sikafuna batire ndipo ophunzira amakagwiritsa ntchito pa mayeso ndi mundege momwe.

Nthawi yolipira ikadzakwana, musadzapereke ndalama zonse za maphunziro nthawi imodzi ngakhale atakulonjezani kuchotsera mtengo. Muzidzalipira m'zigawo, mogwirizana ndi maola amene mwanayo wauluka, ndipo mudzatsimikize kaye kuti sukuluyo ili ndi chilolezo cha bungwe loyang'anira za ndege la dziko limene ili.

FUNSO: Ndili ndi masewero oulutsa ndege pa kompyuta ndipo ndimatera bwino kwambiri. Kodi zimenezi zingandichepetsere maola a ku sukulu? Wophunzira wa pa koleji, Blantyre.

YANKHO: Maola a pa kompyuta ya kunyumba salowa m'buku la maola a woyendetsa ndege. Amene amawerengedwa ndi a pa makina ovomerezedwa ndi boma, mphunzitsi ali pomwepo. Mapulogalamu monga Microsoft Flight Simulator, X-Plane ndi FlightGear, imene ndi yaulere, amathandiza pa kuzolowera malo a zipangizo, kutsatira mwadongosolo checklist, mndandanda wa zoyenera kuchita, ndi kuyeseza ulendo umene mwaukonza pa mapu. Koma sangakuphunzitseni kulemera kwa chiwongolero, kugwiritsa ntchito mapazi, kapena kumva m'thupi kuti ndege ikutsetsereka, ndipo ali ndi vuto limene aphunzitsi amalidandaula kawirikawiri: wozolowera kompyuta amangoyang'ana pa zipangizo, pamene wophunzira woyamba amayenera kuthera nthawi yake yambiri akuyang'ana kunja, kuona mphuno ya ndege poyerekeza ndi pamene thambo lakumana ndi dziko, ndiponso kufunafuna ndege zina. Pitirizani kusewera, koma mphunzitsi akadzakuwongolerani musadzalimbane naye chifukwa cha zimene munazolowera pa kompyuta.

FUNSO: Chingerezi ndimalemba bwino koma polankhula ndimachita chibwibwi ndikapanikizika. Ndamvapo oyendetsa ndege akulankhula pa wailesi ndipo sindinatolepo kanthu. Kodi zimenezi munthu angaziphunzire payekha? Mphunzitsi wa pulayimale, Chipata.

YANKHO: Angaziphunzire ndithu, ndipo mwa zonse zimene tatchula m'makalata a mwezi uno, imeneyi ndi imene imapindula kwambiri munthu akamayeseza yekha mokweza mawu. Kusatolapo kanthu poyamba kusakudetseni nkhawa, chifukwa kalankhulidwe ka pa wailesi ya ndege kali ndi mawu ake ochepa okhazikika ndi dongosolo lake, ndipo mukadziwa chimene chikuyenera kubwera, khutu limachigwira. Woyendetsa ndege amatchula amene akumuitana, kenako ndege yake, malo amene ali, ndi chimene akufuna, ndipo malangizo ofunika monga msewu wonyamukira, kutalika koyenera kuulukapo ndi nambala yotcherera altimeter amawabwereza kuti wa pa nsanja amve ngati zamveka bwino.

Yambani ndi zilembo za ICAO, kuyambira Alfa, Bravo, Charlie mpaka Zulu, ndipo muziwerenga nazo manambala a magalimoto amene mukukumana nawo pamsewu kufikira zizituluka zokha. Ndege za ku Zambia zimalembetsedwa ndi 9J, za ku Malawi 7Q, za ku South Africa ZS, choncho yesezani kutchula mayina oitanira ndege oyambira pamenepo. Buku laulere labwino pa nkhaniyi ndi CAP 413, lofalitsidwa ndi bungwe loyang'anira za ndege la ku Britain. Muli zitsanzo za makambirano athunthu kuyambira poyatsa injini mpaka pozimitsa, ndipo kalankhulidwe kake kali pafupi ndi ka ICAO kusiyana ndi ka ku America. Pezani mnzanu awerenge mbali ya wa pa nsanja, inu muziyankha, ndipo muzidzijambula mawu pa foni kuti mudzimve nokha. Tsamba la LiveATC limalola munthu kumvetsera mabwalo a m'mayiko osiyanasiyana. Sankhani bwalo laling'ono poyamba, osati lalikulu ngati la New York.

Kukhwimitsa mawu kumeneku kuli ndi chifukwa chake. Pa 27 March 1977 ndege ziwiri za Boeing 747 zinawombana pa msewu wa ndege ku Tenerife m'chifunga, anthu 583 anafa, ndipo kusamvana pa wailesi kunali chimodzi mwa zifukwa zazikulu. Kuchokera pamenepo mawu akuti take-off amanenedwa pokhapokha popereka kapena pochotsa chilolezo chonyamuka. ICAO imafuna kuti woyendetsa ndege za pakati pa mayiko afike pa Level 4 ya Chingerezi, ndipo oyesa safuna kuti mulankhule ngati mzungu. Amafuna kuti muzimveka, muzimva, ndiponso muzitha kufotokoza vuto losayembekezereka m'mawu wamba. Ngati chibwibwicho chimabwera nthawi zonse osati pongopanikizika, mukachitchule kwa dokotala wopima oyendetsa ndege musanayambe kulipira sukulu.

FUNSO: Anzanga amene anakhoza kale akuti palibe chifukwa chowerengera mabuku onsewo, ndingoloweza mafunso ndi mayankho akale basi. Makamaka phunziro la zanyengo likundivuta. Kodi akunama? Wowerenga wa ku Zomba.

YANKHO: Kuloweza mafunso akale kungathe kukukhozetsani mayeso, ndipo mafunsowo ali ndi ntchito yake, yodziyesera mutamaliza kuwerenga mutu kuti muone pamene mukuperewera. Koma tikukupemphani ndi mtima wonse kuti phunziro la zanyengo musalichite mwa njira imeneyo, chifukwa ndi phunziro limene mudzalifune muli nokha m'ndege, popanda mayankho anayi oti musankhepo.

Tengani nkhani ya density altitude, imene m'buku imaoneka ngati masamu ouma. Mpweya ukatentha umapepuka, ndipo phiko, pulopela ndi injini zonse zimagwira ntchito ngati kuti ndege ili pamalo okwera kuposa pamene ilidi. Bwalo la Kamuzu lili pa mafiti pafupifupi 4,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Mwa muyeso wa ICAO, kutentha pa nyanja yamchere ndi madigiri 15 ndipo kumatsika ndi madigiri pafupifupi 2 pa mafiti 1,000 alionse, choncho pa bwaloli kumayenera kukhala madigiri 7. Masana a mu October kukatentha kufika madigiri 32, kusiyana kwake ndi 25, ndipo digiri iliyonse imawonjezera mafiti pafupifupi 120, kutanthauza kuti ndege imanyamuka ngati ili pa mafiti 7,000. Imathamanga mtunda wautali isanadzuke ndipo imakwera mwaulesi. Pa msewu wautali wa phula zimenezi sizioneka kwenikweni, koma pa kabwalo kafupi ka udzu kokhala ndi mitengo kumapeto, ndege itadzaza anthu ndi katundu, kuwerengera kumeneku ndi kumene kumakuuzani ngati muyenera kutsitsa katundu kapena kudikira kufikira m'mawa kukazizira.

Inu muli ku Zomba, ndipo phunziroli lili pakhomo panu. Nthawi ya dzinja mumaona mitambo ya cumulonimbus ikutukumuka masana mpaka kubweretsa mabingu. M'kati ndi pansi pa mitambo imeneyi muli mphepo zokwera ndi zotsika zimene ndege yaing'ono singalimbane nazo, ndipo ngakhale zikuluzikulu zimailambalala. Mu June ndi July chiperoni chimabweretsa mpweya wachinyezi kuchokera kum'mwera chakum'mawa, umene ukakwera mapiri umasanduka mitambo yotsika ndi mvula yowaza, n'kuphimba Zomba, Thyolo ndi Mulanje, kumene nsonga ya Sapitwa imafika mamita 3,002. Wokhala ndi PPL yokha amauluka poona ndi maso, ndipo akalowa mumtambo popanda maphunziro oulukira zipangizo, ziwalo za m'khutu zimene zimatithandiza kudziwa ngati taima chilili zimayamba kumunamiza, moti angathe kukhota kapena kutsika akukhulupirira kuti akuuluka mowongoka. Mtundu wathu unalira pa 10 June 2024 pamene ndege ya Dornier 228 inagwa ku Chikangawa ndi kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, pamodzi ndi anthu ena asanu ndi atatu. Lipoti la akatswiri a bungwe la BFU la ku Germany linanena kuti ndegeyo inalowa m'nyengo yosaoneka bwino kutsogolo ikuuluka motsika, ndipo inagunda mtunda wokwera. Malipoti otere amalembedwa pofuna kupewa ngozi zina, osati pofuna kuweruza anthu, ndipo wophunzira ayenera kuwawerenga modekha ndi mwaulemu. Tsamba la SKYbrary lili ndi ambiri, ofotokozedwa mwachidule.

Pa kuwerenga, buku la FAA la Aviation Weather Handbook ndi laulere, bola muzikumbukira zimene tauza mnzanu wa ku Johannesburg zakuti mphepo zathu zimazungulira mosiyana ndi zawo. Kenako phunzirani kuwerenga METAR, lipoti lalifupi la nyengo ya pa bwalo, ndi TAF, imene imalosera za maola akubwera. Mwachitsanzo, mzere wakuti FWKI 151200Z 12010KT 9999 SCT030 31/12 Q1018 ukunena za bwalo la Kamuzu, pa tsiku la 15, nthawi ya 12:00 UTC imene kwathu ndi 2 koloko masana. Mphepo ikuchokera ku madigiri 120 pa ma knot 10, maso akuona makilomita 10 kapena kuposerapo, mitambo yapatalipatali ili mafiti 3,000 pamwamba pa bwalo, kutentha ndi madigiri 31, chinyezi chingayambe kusanduka mame pa madigiri 12, ndipo altimeter itcheredwe pa 1018. Manambala awiri a kutenthawo akayandikana, yembekezani chifunga kapena mitambo yotsika. Malipoti amenewa amapezeka kwaulere pa tsamba la aviationweather.gov ndipo sadya bandulo yambiri. M'mawa uliwonse tsegulani la FWKI kapena la Chileka, FWCL, ndipo tsiku limene akwathuwa sakupezeka tengani la Lusaka, FLKK, kapena la Johannesburg, FAOR. Lembani m'kope tanthauzo lake, onjezani ngati wophunzira wa maola ochepa angauluke tsiku limenelo ndi chifukwa chake, ndipo madzulo muyerekeze zimene TAF inalosera ndi zimene zachitikadi.